Hout Bay: Kumene Ana Athu Amajambulira Zithunzi



Kuno ku Nayuchi, ku Ntaja, ku Nselema mpaka ku Mangochi, ndi makomo ochepa amene alibe munthu wawo ku Joni. Agogo athu ankapita ndi Wenela ndi Theba kukakumba golide pansi pa nthaka. Adzukulu awo akupita okha pa basi, ndipo ambiri sakuimanso pa Johannesburg koma akupitirira mpaka ku Cape Town, kumene mtunda wathera m'madzi. Ntchito yawo kumeneko ndi kusamala maluwa a bwana, kuphika, kulera ana ndi kupenta nyumba. Zithunzi zimene amatumiza pa foni tonse timazidziwa: mnyamata wavala magalasi akuda, kumbuyo kwake mchenga woyera mbee, nyanja, ndi nyumba zokwera phiri. Ana anga a ku madrassa akaziona, maganizo amachoka pa Juzu Amma. Amayi akaziona amati mwana wanga walemera, nanga malata akuchedwa chifukwa chiyani?

Mng'ono wanga ndi mmodzi wa anyamata amenewa. Amakhala pa malo otchedwa Hout Bay, ndipo ndinakamchezera masabata atatu patchuthi cha Disembala. Ndalemba izi kuti amene akuganiza zokaona mwana wake kapena mwamuna wake kumeneko adziwe chimene akaone, kumene akaswali, ndi chimene chili kuseri kwa chithunzi chija.

Za ulendo sindichulukitsa. Basi imanyamuka pa Blantyre, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge mpaka Johannesburg. Mukafika apo musati mwafika, patsala makilomita pafupifupi 1,400. Pasipoti ya Malawi imaloledwa kucheza m'dzikomo masiku 30 popanda viza. Werengani masikuwo pa chidindo chimene akudindirani pa chipata, chifukwa wopyola malire amaletsedwa kulowanso kwa chaka kapena zaka zingapo.

Kuchokera pakati pa mzinda wa Cape Town kukafika ku Hout Bay ndi makilomita ngati 20. Kwerani basi ya MyCiTi, koma yambani mwagula khadi lake ndi kuikamo ndalama, popeza dalaivala salandira ndalama pamanja. Khalani kudzanja lamanja, ku windo. Msewu wake, Victoria Road, umatsata gombe, nyanja mbali ino, mapiri mbali inayo, ndipo ndi msewu wokongola kuposa ina yonse imene maso angawa anaonapo. Phiri lawo lotchuka la Table Mountain silifika ndi pa phiri la Zomba kutalika, koma poti ladzuka kuchokera m'madzi penipeni limaoneka loopsa.

Mudzadutsa Clifton ndi Camps Bay, kumene kuli nyumba zodula koposa m'dziko lonselo. Poyang'ana madzi a pa Clifton kumbukirani ichi. Pa 27 Disembala 1794 chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José chinasweka pa miyala imeneyo. Chinali chitanyamula akapolo pafupifupi 500 kuchokera ku chilumba cha Mozambique, kupita nawo ku Brazil. Oposa 200 anamira, ndipo opulumukawo anagulitsidwanso komweko ku Cape. Zotsalira za chombocho zinalengezedwa kuti zapezeka mu 2015, patapita zaka 220. Ife a pa Nayuchi, amene njanji yathu imaoloka pa Entre Lagos kutsikira ku Cuamba, Nampula ndi Nacala, tikudziwa kuti anthu amenewo anachokera mbali yomweyo ya dziko, ndipo mwina ena ankayankhula zinenero zimene timamva pamsika pathu. Anthu akwathu kuno anafika ku gombe limenelo kale kwambiri, asanayambe kupita ndi pasipoti.

Pa Camps Bay penipeni sindikulangizani kutsika ndi banja masana. Mavalidwe a pa mchenga paja si oti bambo ndi mwana wake wamkazi aonere limodzi, ndipo malo ambiri odyera a m'mbali mwa msewu amagulitsa mowa. Pakati pa Clifton ndi Camps Bay pali kagombe kotchedwa Maiden's Cove. Nthawi ya tsankho kanali kamodzi mwa malo ochepa amene anthu osakhala Azungu ankaloledwa kusamba, ndipo mpaka lero mabanja a Chisilamu amapitako ndi mphika ndi mkeka. Pamenepo amayi a hijabu sadzimva kuti ndi achilendo.

Patsogolo pang'ono, pa Oudekraal, pali masitepe 99 okwera m'phiri kuchokera mumsewu. Pamwamba pake pali manda a Sheikh Noorul Mubeen, amene Adatchi anamthamangitsira ku Cape mu 1716. Manda otere kumeneko amawatcha kramat, ndipo alipo angapo ozungulira mzindawo. Ndikudziwa kuti nkhani ya kuyendera manda imatigawa ife Asilamu a kuno. Ine ndinakwera, ndinapereka salaam, ndinampempherera chikhululuko kwa Allah ndi kutsika. Chopempha changa ndimapempha kwa Allah yekha.

Tsono msewu umakwera kachitunda, nkutembenuka, ndipo Hout Bay yonse imaonekera pansi panu nthawi imodzi. Amene anafika ku Monkey Bay akudziwa tanthauzo la bay: malo amene nyanja yalowa m'kati mwa mtunda, mapiri nkuizinga. Hout m'Chidatchi ndi mitengo. Adatchi atafika ku Cape mu 1652 ankadula matabwa m'chigwa chimenechi. Misewu yolowamo ndi itatu yokha, wa Victoria Road, wa Constantia Nek ndi wa Chapman's Peak, kotero kuti eni ake amanyada kuti kwawoko ndi dziko palokha.

Koma mlendo azindikire kuti m'chigwa chimodzichi muli midzi itatu, ndipo itatuyo imaonana pa windo.

Woyamba ndi wa eni chuma, umene wadzaza chigwa ndi kukwera m'mapiri. Mipanda yake ndi yamagetsi, pakhomo pali damu losambira, ndipo ena amaweta akavalo ongokwera pocheza. Misewu ndi yachete. Amene mudzakumane nawo akuyenda pansi m'mawa ndi anthu athu, ndipo mukapereka moni wa Chiyao kapena Chichewa musadabwe akakuyankhani. Maluwa okongola a m'zithunzi aja amathiriridwa ndi manja amene anaphunzira khasu m'minda ya mpunga ya ku Chiuta ndi ku Chilwa.

Wachiwiri ndi Hangberg, pamwamba pa doko, m'munsi mwa phiri losongoka la Sentinel. Uwu ndi mudzi wa asodzi, amene boma la tsankho linawaunjika pamenepo kuti akhale pafupi ndi mafakitale a nsomba. Mzikiti uli mbali imeneyi, ndipo ndi kumene ndinaswali Jumu'a. Asilamu ambiri a ku Cape ndi a Shafi'i ngati ife, moti pa Subuhi amawerenga qunut, ndipo munthu wochokera kuno sasokonezeka kumbuyo kwa imamu wawo. Chichewa sadziwa, ine Chiafrikaansi sindidziwa, koma mkulu wina anandigwira dzanja nkunditengera kwake kukadya.

Wachitatu ndi Imizamo Yethu, umene ena amati Mandela Park, ndipo apa ndi pamene mudzagone. Dzinali ndi la Chixhosa, kutanthauza kuyesetsa kwathu. Mudziwu unayamba mu 1991 pa malo aang'ono m'mbali mwa phiri, koma anthu anapitiriza kubwera. Kumunsi kuli nyumba za njerwa, zina zomangidwa ndi anthu ongodzipereka ochokera ku Ireland. Kumtunda ndi tinyumba ta malata ndi matabwa togundana khoma ndi khoma, tinjira take toti awiri sangadutsane. Chipinda cha mng'ono wanga n'chaching'ono kuposa khitchini ya amayi kuno kumudzi, ndipo amagonamo atatu. Madzi amakatunga pa mpope wa onse, chimbudzi n'chapamzere. Mkeka woswalira amayala pakati pa bedi ndi chitseko, woswali mmodzi mmodzi. Pa 11 Malichi 2017 moto unapsereza tinyumba toposa 2,000 m'mudzi umenewu, anthu masauzande nkutsala ndi zovala za m'thupi zokha. Anyamata amene analipo amasimbabe za usiku umenewo, ndipo ambiri mapasipoti awo amawasunga mu jumbo pafupi ndi chitseko.

Tsiku lachiwiri tinaima panja pa chipindacho, nyanja ikuwala pansi pathu. Mng'ono wanga analoza ku mchenga nati, "Achimwene, zithunzi timajambulira uko, koma kugona timagona kuno. Amayi musakawauze zonse." Ndinawauza zonse, chifukwa ndi ufulu wawo kudziwa, ndiponso chifukwa malata aja anali atasanduka mlandu pakhomo pathu. Pa ndalama imene mnyamata amalandira achotsepo lendi, magetsi, chakudya, ndi mtengo wotumizira. Masiku a mvula wa maganyu sagwira ntchito, ndipo mvula ya kumeneko imagwa mu Juni, Julaye ndi Ogasiti, pamodzi ndi chisanu cholowa m'mafupa. Ine sindikunena kuti ana asatumize. Kusamala makolo ndi lamulo la Allah. Ndikunena kuti ife otsalafe tichepetse foni za pa 25 mwezi uliwonse, makamaka alamu ndi atsibweni amene alibe gawo pa thukuta limenelo.

Mlendo asakhalenso katundu. Nyamulani ndalama ya chakudya chanu. Konzani kuti Loweruka ndi Lamulungu zikupezeni kumeneko, chifukwa masiku enawo mbale wanu amachoka m'mawa nkubwera madzulo. Ndipo mukaona kuti Lachisanu sanapite ku Jumu'a, musayambe ndi kukalipa. Mabwana ena amalola ola limodzi, ena salola, ndipo wopanda mapepala amaopa ngakhale kupempha. Kambiranani mofatsa momwe angapemphere, mwina posinthanitsa ndi ola la madzulo. Ndinaona anyamata ena amene anapempha motero ndipo analoledwa.

Nthawi za swala zidzakudabwitsani. Wotchi yawo ndi yathu ndi imodzi, koma dzuwa si limodzi. Mu Disembala Subuhi imalowa 4 koloko isanakwane, Magharibi cha m'ma 8 koloko usiku, Isha itadutsa 9 koloko. Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa. Musadalire chizolowezi cha kuno, tengani pepala la nthawi ku mzikiti. Qibla ili kumpoto, kupendekera kum'mawa kuposa m'mene timachitira kwathu kuno. Pogula nyama yang'anani chizindikiro cha halaal. Chodziwika kwambiri ku Cape ndi cha Muslim Judicial Council, bungwe la mashehe limene linakhazikitsidwa mu 1945.

Ku doko ndiye kumene munthu wa kunyanja amamasuka. Kununkha kwa nsomba, kukuwa kwa amalonda ndi maukonde oyanikidwa n'zakwathu, kungoti mabwato ake ndi aakulu. Idyani snoek, nsomba yaitali ya minga yambiri. Siifika pa chambo, kunena zoona, koma yowamba imakoma. Za m'nyanja ndi halaal kwa ife, ndipo madzi ake, ngakhale ndi amchere, ndi oyera ochitira wudhu. Kusamba ndiye mudziyese nokha: madzi a Atlantic amazizira ngati ochokera mu firiji ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo amakoka munthu mosiyana ndi a ku Chiuta. Ana asapitirire m'maondo. Mphepo yawo yamphamvu imachokera kum'mwera chakum'mawa ngati mwera wathu, koma iyo imaomba m'chilimwe chawo, kuyambira Novembala, ndipo imaulutsa kofia.

Pa dokopo mudzaona nyama zonga katumbu wamkulu, zotchedwa seal, ndipo pali maboti olipira opita ku kachilumba ka Duiker Island kumene zimadzaza pa mwala. Zioneni patali. Mu 2024 zina mwa nyama zimenezi zinapezeka ndi chiwewe m'magombe a Cape. Ngati wina ali ndi galimoto, akutengeni pa Chapman's Peak Drive, msewu wosemedwa m'thanthwe pamwamba pa nyanja, umene unatsegulidwa mu 1922. Ndi wa makilomita 9 ndipo ndi wolipira. M'phiri musakwere nokha, foni musayende nayo pamanja, ndipo dzuwa likalowa khalani pamene pali anzanu.

Pobwerera, popeza basi idzakutsitsani m'tauni, sungani theka la tsiku la Bo-Kaap, mudzi wakale wa Asilamu wa nyumba zamitundumitundu. Mu Dorp Street muli Auwal Mosque, mzikiti woyamba m'dzikolo, wa mu 1794, chaka chomwecho chimene São José inasweka kuseri kwa phiri. Imamu wake woyamba, Tuan Guru, anachokera ku chilumba cha Tidore ku Indonesia. Adatchi anamtsekera pa Robben Island mu 1780, ndipo ali m'ndende analemba Qur'an yonse kuchokera pamtima. Atatuluka anatsegula madrassa mumsewu womwewo, ndipo ambiri mwa ophunzira ake anali akapolo ndi ana awo. Limodzi mwa mabuku amene analemba ndi dzanja lake linapezeka kudenga kwa mzikitiwo pamene ankaukonza m'zaka za m'ma 1980, ndipo analiika m'bokosi la galasi momwemo. Ine monga mwalimu ndinaima pamenepo nthawi yaitali, kutsata zilembo ndi maso. Mzikitiwo ndi waung'ono; ngati mukufuna kuswali Jumu'a m'menemo, fikani dzuwa lisanafike pamutu.