Mabala a msilikali amayezedwa ndi ndani?

Mu 2004 ndinkatsatira chisankho cha ku America pa wailesi. John Kerry, yemwe anamenya nkhondo ku Vietnam n'kulandira mendulo zitatu za Purple Heart chifukwa chovulala, ankapikisana ndi George W. Bush. Gulu la Swift Boat Veterans for Truth linayamba kulengeza pa TV kuti mendulo zakezo sanaziyenere. Pamsonkhano waukulu wa chipani cha Republican ku New York, ena anadzimata timapulasitala tojambulidwa mtima wapepo, kumuseka kuti anangokandika chabe. Kerry anachedwa kuyankha, ndipo chisankho chinamulaka.

Ndale zake sizinkandikhudza kwenikweni. Chinandiwawa n'timapulasitalato, chifukwa tinandikumbutsa agogo anga aamuna.

Agogo anapita ku Burma ndi asilikali a KAR, n'kubwerako ndi chipsera chachikulu pantchafu. Patapita zaka, atafuna ukhansala kwathu, opikisana nawo anafalitsa zoti kunkhondoko ankangophikira azungu. Ofalitsawo, ena anali asanabadwe n'komwe nkhondoyo ikumenyedwa. Munthu wamkulu sakanavula buluku pagulu kuti anthu akhulupirire. Anangosiya kupita kumisonkhano.

Chipseracho ndinachiona kamodzi kokha, tsiku lomwe tinkawasambitsa akudwala.