Ku Mchinji kanema amaonera pamwamba pa firiji

Minibasi ya ku Mchinji sinyamuka isanadzadze, izi inu a mumsika wa Lilongwe mukuzidziwa. Tidachoka m'depoti dzuwa litakwera kale, mabelo a kaunjika ali kumapazi, n'kudutsa Msundwe, Namitete, Kamwendo, makilomita oposa 100 mpaka kukafika paboma. Ine ndimakafunsa mitengo ya mtedza, koma ndabwerako ndi nkhani ina.

Madzulo ndidalowa m'kagolosale kena kufupi ndi msika. Pamwamba pa firiji adakhazikapo wailesi ya kanema, pansi anthu ali thithithi: akabaza, amayi a tomato, anyamata osintha ndalama a kuchipata cha Mwami. Mpira uli mkati munthu sungamve mnzako. Koma itangokwana nthawi ya nkhani, mwini golosale adatsitsa mawu, anthu n'kuyamba zocheza zawo. Palibe adadandaula olo m'modzi. Pakanemapo pamaoneka mabwana a masuti akutsegulira msonkhano kuhotela ina mumzinda.

Abale, tisaiwale kumene tachokera. Zaka 30 zonse za Kamuzu dziko lino lidalibe kanema wakewake, pamene anzathu a ku Zambia adayamba kuonera mu 1961 ku Kitwe. Wathu, TVM, adatsegulidwa mu 1999 ku Blantyre nthawi ya Bakili Muluzi, ine ndisanabadwe n'komwe, kenaka adadzamuphatikiza ndi MBC. Mkulu wina m'golosalemo adandiuza kuti kalelo iwo ankangomangirira eriyo kunsungwi yaitali n'kumakola ZNBC, poti Chipata ili pamphuno pomwepa, pafupi kuposa Lilongwe. Ndipo sankaona ngati akuonera za eni ake. ZNBC imaulutsa m'zilankhulo 7 za m'dzikomo, Chinyanja chili momwemo. Nanga Mchewa wa ku Mchinji ndi wa ku Katete asiyana pati? Mwezi wa Ogasiti onse amakakumana ku Mkaika pa Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi.

Kwathu kuno nkhani ya zilankhulo idavutapo. Mu 1968 Chitumbuka adachichotsa pawailesi ya MBC, chidabwerera mu 1994 matipate atabwera, ndipo mu 1996 kudalowa Chiyao, Chilomwe ndi Chisena. Zimenezo zidali bwino ndithu. Koma ku Mchinji vuto si chilankhulo ayi, Chichewa ndi chawo chobadwa nacho. Vuto n'lakuti zokambidwazo si zawo.

Tatengani chipata chatsopano cha Mwami, chija adatsegulira a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema mu Disembala 2022 kuti munthu uzidinditsa zonse malo amodzi. Kudula riboni ndi tsiku limodzi basi. Mayi wokaoda zitenje ku Chipata akufuna zina: fomu yake ndi iti, katundu wosalipira msonkho ndi uti, akamuvuta akadandaule kwa yani. Pali ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, idayamba pakati pa Malawi ndi Zambia mu 2010. Mwa amayi amene ndidacheza nawo, ena adangoimvera kwa anzawo m'minibasi, ena amadutsabe njira zachidule usiku, kuopa chinthu chimene mwina sakadalipira n'komwe. Akagwidwa, mpamba wonse wapita. Mphindi 15 zokha pasabata, mtolankhani ataima pachipatapo ndi kamera n'kufunsa mafunso amenewa m'Chichewa, zikadapulumutsa mabelo angati?

Kanema wa boma timalipira tonse kudzera m'misonkho, wa ku Area 47 ndi wa ku Mkanda yemwe. Komatu wa ku Mkanda kuti aonere pafunika magetsi kapena sola, pafunika dikoda ya Kiliye Kiliye kapena mbale yapadenga. Ambiri alibe. N'chifukwa chake amadzaunjikana m'golosale, ndipo akadzipeza mulibemo amatembenuka n'kupitiriza bawo. Za maliro, za mbuzi yosowa, za mlatho wokokoloka amakazimvera pa Mudzi Wathu, wailesi yawo ya m'boma momwemo. Ilibe zithunzi, koma imatchula maina a midzi yawo.

Mtengo wa mtedza uja ndidaumva m'mawa mwake kwa kondakitala, tili pa Kamwendo kudikira kuti matumba akwere. Nditafika ku Lilongwe ndidapeza wasintha kale.