Kalata kwa mphwanga: za tinsalu ta pamkono



Zithunzi zija wanditumizira pa WhatsApp ndaziona. Ndinayamba ndaseka, poti mwana amene ankakana kusokerera ngakhale batani pa yunifolomu yake lero akulawirira Lamulungu kukasaka zigamba m'misika ya zinthu zakale ku England. Koma ndanyadira. Anzako ali kalikiliki kutumiza makatoni a kaunjika, iwe wasankha malonda ofuna mutu. Ndiye tchera khutu, ndikuuze zomwe ndinatola nthawi imene ndinkasamalira okalamba kumeneko, pakuti ena mwa agogo amenewo ndi omwe anativala tinsaluti.

Chiyambi chake ndi kusowa basi. Nkhondo ikabuka, boma limalemba anthu mofulumira kuposa momwe atelala angasokere. Mu 1939 atsikana ambiri olowa WAAF, gulu la amayi lothandiza asilikali a ndege, anayamba ntchito atavala zovala zawo za kunyumba, chowazindikiritsa chili kansalu pamkono. ATS, ya asilikali a pamtunda, inali itakhazikitsidwa mu 1938, ndipo mu December 1941 boma linayamba kulemba mokakamiza akazi osakwatiwa a zaka 20 mpaka 30. Elizabeth naye analowa ATS mu 1945 asanakhale mfumukazi, n'kuphunzira kuyendetsa ndi kukonza galimoto. Ogulitsa amakonda kuponyapo dzina limeneli kuti mtengo ukwere. Iwe usatengeke.

Kobiriwira kaja, kokhala ndi chisoti chachifumu chofiira ndi zilembo WLA, ndiye kandisangalatsa, ngakhale si ka usilikali weniweni. Ndi ka Women's Land Army, atsikana amene anatumizidwa kuminda amuna atapita kunkhondo. Gululi linayamba mu 1917, linadzutsidwanso mu June 1939, linatsekedwa mu 1950, ndipo nkhondo ili pachimake linali ndi atsikana oposa 80,000. Kansaluko kamawerengeka. Kachidutswa kalikonse kofiira ka makona atatu ndi miyezi isanu ndi umodzi ya ntchito, tiwiri tikalumikizana ndiye chaka chathunthu. Akakwanitsa zaka ziwiri ankalandira kena ka mkombero wofiira, zaka zinayi kofiira konse. Kakoko kali ndi tizidutswa titatu, ndiye kuti mwini wake anakama ng'ombe ndi kukumba mbatata pachisanu kwa chaka ndi theka.

Ine koyamba kukagwira kanali ka agogo ena amene ndinkawasambitsa. Ankakasunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi makalata. Kunja kanali kofwifwa, kunsi kwa mpindiro kobiriwira ngati katsopano. Tizidutswato anasokerera okha ndi ulusi wakuda, mopotokapotoka, kamodzi kopendekeka ndithu, poti ankasoka usiku manja atauma ndi kuzizira. Akamakatulutsa nkhope inkasintha, osati ndi chisangalalo ayi. Nkhondo itatha, akazi a ATS ndi WAAF analandira ndalama yowathokoza, a kuminda anamanidwa poti anali pansi pa unduna wa zaulimi. Lady Denman, amene ankawatsogolera, anatula pansi udindo mu 1945 chifukwa cha nkhani yomweyi. Baji yowathokoza inadzabwera mu 2008, ambiri ali kale kumanda. Udziwenso dzina la Amelia King, mtsikana wakuda wobadwira ku London, amene mu 1943 anamukana kulowa gululi chifukwa cha khungu lake, mpaka nkhani inakafika ku Nyumba ya Malamulo. Wogula akamakusimbira za umodzi wa nthawi ya nkhondo, mukumbutse zimenezo mwaulemu.

Madandaulo a agogo amenewo ankandikumbutsa agogo athu aamuna. Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke momwe ankakhalira pakhonde n'kumatchula Burma, gulu lawo la asilikali la KAR ndi Zomba, kenako n'kulavula. Anabwerako ndi chifuwa, mamendulo ndi malonjezo. Mamendulo amenewo bwenzi lero ali m'manja mwako, akanapanda atsibweni athu aja. Chaka cha njala chija, kaya 2002 kaya chotsatira chake, anawatenga m'sutikesi mwa amayi n'kukagulitsa kwa mzungu wina wodutsa, pamodzi ndi kabuku ka usilikali. Akanagula chimanga tikanamvetsa. Mpaka lero amati anabedwa ndi akuba, akuba osankha osiya wailesi ndi bulangete! Panopa akuti akufuna ukwati wachitatu, ndi mayi wina wogulitsa mandasi pa siteji, ndipo atumiza mawu kuti ife a kunja tisonkhe. Ndayankha kuti ine ndinabwerera kale kumudzi. Akakuimbira, foni izikhala ikuvuta netiweki. 

Tibwerere ku katundu wakoyo. Chomwe chimandiwawa pa mamendulo aja n'chakuti kabuku kanapita nawo, ndiye ngakhale titawapeza sitingatsimikize kanthu. N'chimodzimodzi tinsaluti. Kopanda dzina la mwini, chithunzi chake kapena khadi lake, n'kovuta kukaikira kumbuyo. Wogulitsa akati kanali ka amayi ake, pempha mapepala onse, ulipire ndithu ngakhale awonjezere mtengo, ndipo usadzalekanitse zimenezo pogulitsa. Lemba pakhadi tsiku, malo ndi zonse wanena.

Zabodza zachuluka, zina zosokedwa mopanda chinyengo kuti anthu azivala m'mafilimu ndi pa zikondwerero zokumbukira zaka za m'ma 1940, kenako wina n'kuziviika mu tiyi kuti zioneke zakale. Gula tochi ya UV, ija amaunikira ndalama zachinyengo. Nsalu yoyera kapena ulusi wa masiku ano umawala mobiriwira ngati mtambo chifukwa cha mankhwala oyeretsera amene anafala nkhondo itatha, ngakhale kenikeni kochapidwa ndi sopo waufa kamathanso kuwala, ndiye usaweruze ndi tochi yokha. Ukaloledwa, sololako kaulusi kamodzi kumbuyo n'kukawotcha. Ubweya wa nkhosa umanunkha tsitsi lopserera n'kusanduka phulusa, nayiloni amasungunuka n'kuuma kampira. Yang'ananso chisoti. Cha nthawi ya nkhondo n'chozungulira pamwamba, chobonyoka pakati chinabwera ndi ufumu wa Elizabeth, WLA itatsekedwa kale.

Koyera ka mtanda wofiira kaja kakundikayikitsa. Malamulo a ku Geneva ankafuna kuti kansalu ka ogwira ntchito zachipatala kunkhondo kaperekedwe ndi akuluakulu a asilikali ndipo kakhale ndi chidindo chawo. Kakoko sindikuonapo chidindo, ndipo kayera mopitirira muyeso. Katembenuze, ukapanda kupeza inki, kabweze.

Za ku Germany usiye. Ndikudziwa kuti zili ndi ndalama, za atsikana amene ankagwira ntchito ya matelefoni ndi mawailesi m'gulu la nkhondo la Hitler. Koma kumeneko ndiye kwadzaza akathyali, ku Germany kuonetsa poyera zizindikiro za Nazi ndi mlandu, ndipo ena ogula zimenezo si anthu oti mwana wakuda wokhalira chitupa azikumana nawo kuseri kwa galimoto. Gwira mtundu umodzi, wa WLA womwewu, mpaka uziudziwa ndi zala. Tsiku lopuma pita ku Imperial War Museum ku London, kulowa n'kwaulere, ukaone zenizeni ndi maso. Ukadutsenso ku Whitehall, pali chipilala cha amayi a nkhondo yachiwiri chimene anachitsegula mu 2005, chosemedwa zovala zawo zokolekedwa.

Usachape, usasite, usaike padzuwa, ndipo njenjete uziope kuposa akuba. Ndalama ya lendi ndi ya mankhwala a amayi isalowe m'malondawa ngakhale wina alumbire kuti mwayi wotere sudzabweranso. Amayi akupereka moni, akuti miyendo yayambanso kutupa, uwaimbire Loweruka.

Ndine mkulu wako.