Mango a apongozi

Ndinadya mango 9. Ndayamba ndi chiwerengerochi chifukwa mlamu wanga akamafotokoza nkhani imeneyi amati anali 15, ndipo chaka chilichonse amaonjezerapo awiri.

Munali mu Disembala 2022, kwawo kwa akazi anga, chakunyanja ku Salima. Tinali titamanga ukwati chaka cham'mbuyo mwake ku Lilongwe, koma aka kanali koyamba kuti ndikagone pamudzipo ngati mkamwini. Tinafika m'mawa dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. Nsima inali isanapse, ndiye apongozi anatumiza mwana ndi lichero la mango a mumtengo wa kuseri kwa nyumba, aang'onoang'ono a ulusi aja, oti ukaboola kansonga umangoyamwa. Ine ndinali ndisanalawe kanthu chichokereni m'tauni. Ndinakhala pakhonde, beseni la madzi pambali, n'kuyamba ntchito.

Sipanathe ndi mphindi 30. M'mimba munayamba kubangula ngati kukubwera mvula, kenako kupotokola. Amene munakhalapo mkamwini mukudziwa kuti chimbudzi cha kwa apongozi sichipitidwa chisawawa. Chinali kuseri kwa khola, ndipo njira yake inadutsa penipeni pa bwalo pomwe amayi anayala mphasa akusadzula nkhwani. Ndinayesa kuyenda mwaulemu, manja kumbuyo, ngati munthu wokaona mbuzi. Ndisanafike pakati ulemu unandithera, ndinathamanga.

Pakanakhala chaka china bwenzi anthu atangoseka basi. Koma chimenecho chinali chaka cha kolera. Mliri unayamba mu Malichi ku Machinga, unadutsa chilimwe chonse osaleka, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja, Salima yomweyo, unawagwira zolimba. Patangopita masiku ochepa boma linachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo pomwe mliriwo unkatha unali utatenga anthu oposa 1,700. Choncho nditatuluka ndinapeza pabwalo pali zii. Akazi anga atandiyang'ana ndinaona mantha m'maso mwawo. Amayi anali atalowa m'nyumba.

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Pofuna kuwakhazika anthu mtima pansi ndinanena mokweza kuti, "Musadandaule, si kolera ayi, ndi mango aja."

Ine ndinkaganiza kuti ndatonthoza anthu. Amayi anamva zina. Anamva kuti mkamwini wa m'tauni walawa chinthu choyamba chochokera m'manja mwawo, wadwala nacho, ndipo walengeza pabwalo anthu akumva. Kumudzi mawu oti "ndadwala chifukwa cha chakudya cha uje" sathera pa ukhondo pokha, amafika patali. Masana amenewo nsima yanga anaphika ndi akazi anga. Amayi anati iwo manja awo mwina sali bwino.

Amene anandipulumutsa ndi mlamu wanga yemweyo, mng'ono wawo wa akazi anga, yemwe ndi namwino. Anafika chakumadzulo, anamva nkhani yonse, anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anayamba kundifunsa ngati tili kuchipatala. Mwapita kangati? Kamodzi. Zamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga? Ayi. Mwasanza? Ayi. Dzulo usiku munadya chiyani? Nsima ya nyemba.

"Ndiye alamu, mango mukuwanamizira chiyani? Zomwe mwakasiya uko ndi nyemba zanu za ku Lilongwe. Mango a amayi akadali panjira."

Ndinatsutsa. Ndinadya, pasanathe ola ndinathamanga, nanga umboni wina ndi wotani? Iye anatola kamtengo n'kujambula pansi. Chakudya chikamezedwa chimafika m'chifu m'masekondi ochepa, koma m'menemo chimakhalitsa, maola awiri mpaka anayi ngati chili cholemera ngati nsima ya nyama, pang'ono ngati ndi zipatso kapena phala. Chikachoka apo chimalowa m'matumbo aang'ono, amene kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 6, ndipo kumeneko n'komwe thupi limayamwa zofunika. Amenewonso ndi maola angapo. Zotsala zimapita m'matumbo aakulu, komwe zimagona tsiku lathunthu, nthawi zina awiri, madzi akuyamwidwa pang'onopang'ono. Ulendo wonse kuchokera pakamwa mpaka kuchimbudzi, kwa munthu wabwinobwino, ndi tsiku limodzi mpaka atatu.

Nanga chinandithamangitsa n'chiyani? Anati chifu chikadzadza n'kutanuka, makamaka mwadzidzidzi chitakhala chopanda kanthu, chimatumiza uthenga kumatumbo aakulu kuti konzani malo, kukubwera alendo. Matumbowo amafinya, n'kukankha zomwe zinalimo kale. Azachipatala amati gastrocolic reflex. Mwana wakhanda amene amaipitsa thewera akadali pabere, ndi zomwezo. Ena mwa ife uthengawo umangonong'ona, ena umakuwa, ndipo munthu akakhala ndi nkhawa umakuwa kwambiri. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inuyo chifikireni mwakhala mowuma ngati muli pa intavyu."

Koma mango sanatuluke osalakwa kotheratu, ndipo chilungamo chake ndiyenera kuchinena. Usiku umenewo mimba inafufuma, mpweya unandivuta (m'nyumba yopanda siling'i, momwe chipinda chilichonse chimamva za chinzake), ndipo mbandakucha ndinapitanso kuseri kwa khola kawiri, ulendo uno zopyapyala. Awo ndiye anali mango. M'zipatso muli shuga wamtundu wina wotchedwa fructose, amene matumbo aang'ono amayamwa pang'onopang'ono, ndipo ali ndi malire. Amayamwika bwino akakhala limodzi ndi glucose wofanana naye kuchuluka, monga zilili mu nthochi. Mu mango, maapozi ndi mavwende fructose ndiye amachuluka. Ukadya awiri, thupi limakwanitsa. Ukadya 9 m'mimba mopanda kanthu, wotsalayo amapitirira mpaka m'matumbo aakulu, akukoka madzi m'njira monse, ndipo tizilombo tabwino tomwe timakhala kumeneko timamudya n'kumatulutsa mpweya. Onjezanipo ulusi uja. Palibe chimene chinaola, palibe chimene wina anathiramo. Dyera langa basi.

Nditabwerera ku Lilongwe nkhaniyi sinandichoke m'mutu, ndipo powerenga ndinakumana ndi munthu amene ndimamumvera chisoni mpaka lero. Mu 1822, pachilumba cha Mackinac ku America, mnyamata wina dzina lake Alexis St. Martin anawomberedwa mwangozi ndi mfuti pamimba. Dokotala wa asilikali, William Beaumont, anamusamalira mpaka anachira, koma bala linapola litasiya bowo lolowa mpaka m'chifu. Beaumont anaona mwayi. Ankamangirira tizidutswa ta nyama, buledi kapena kabichi ku ulusi, n'kutilowetsa pabowopo, kenako n'kumatitulutsa pakapita ola kuti aone pomwe tagayika. Anachita zimenezi kwa zaka, maulendo oposa 200, ndipo mu 1833 anatulutsa buku la zomwe anapeza. Mwa zina, anaona kuti St. Martin akakwiya chakudya chinkachedwa kugayika. Ine ndimati, munthu akukulowetsa nyama ya pa ulusi m'mimba tsiku ndi tsiku, ungaleke kukwiya? Anamuthawa kangapo kubwerera kwawo ku Canada, ndipo anakhala moyo mpaka 1880, dokotala wake atamwalira kalekale.

Ife sitifunika bowo. Aliyense amene anadyapo chimanga chootcha kapena magwafa a njere zambiri anachitapo kale kafukufuku ameneyu, kungoti sitikamba pagulu. Makoko a chimanga sagayika, ndipo saoneka tsiku lomwelo ayi. Amaoneka mawa lake, kapena mkuja.

Chomwe chimandidabwitsa n'choti tonsefe timaloza chala chakudya chomaliza. Tikudziwa kuti nyengo ya mango anthu ambiri amatsegula m'mimba, ndiye timati ndi mango. Tili ana ankatiuzanso kuti mango aawisi amadwalitsa malungo. Koma mango amapsa nthawi imene mvula yayamba, pomwe udzudzu ukuswana, ntchentche zachuluka, madzi othamanga akukokolola zonyansa kulowetsa m'zitsime. Bango lotola pansi, losatsuka, losenda ndi mano, lingathe kukupatsira matenda, inde, koma wolakwa ndi zomwe zili pakhungu lake ndi m'manja mwako. Ndipo tizilombo tambiri totsegula m'mimba timatenga maola ambiri kapena masiku tisanadzionetse. Kolera yemweyo amatha kubisala mpaka masiku 5. Pomwe ukuthamanga, chomwe chakudwalitsa mwina unamwa Lachiwiri pa depoti, uli ndi ludzu, ndipo unaiwala kale.

Mlamu sanasiye zinthu pa nthabwala pokha. Usiku uja anandisungunulira paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, n'kuuza akazi anga kuti ndikayamba kutsegula zamadzi motsatizana, kusanza, kapena pakaoneka magazi, asadikire kuti kuche, tipeze njinga yamoto. Sizinafike pamenepo. Pofika masana ndinali ndikumva njala.

Chovuta chinatsala chinali amayi. Mkamwini sangokhala pamphasa ya apongozi n'kuyamba kuwafotokozera za matumbo ake. Ndinapempha akazi anga kuti andiperekeze, ndinanjuta chapatali pang'ono, n'kunena kuti, "Amayi, pepani, dzulo ndinayankhula mopusa. Mango analibe vuto. Ndinadya mosaleza, ngati mwana."

Sanandiyang'ane. Anapitiriza kusankha mpunga m'lichero, n'kufunsa mwana wawo, osati ine, kuti, "Kodi anadya angati?"

"Akuti 9."

"9! Opanda nsima m'mimba?" Anaika lichero pansi. "Nanga iwe unali kuti, mwamuna wako akudzipha?"

Nsima ya madzulo amenewo anaphika okha, ya chambo chowamba, ndipo anatumiza mwana kudzaona ngati ndamaliza.

Tsiku lonyamuka tinapeza thumba la mango litatsamira pa khomo, la boloma akuluakulu osapsetsa, oti akapsere m'tauni. Amayi anatiperekeza mpaka pamsewu. Minibasi itaima anakokera akazi anga pambali n'kuwanong'oneza, koma mokweza ndithu kuti ine ndimve: "Uziwapatsa awiri patsiku. Akadya kaye nsima."