Maola 6 ndi theka pakati pa Lilongwe ndi Jeddah

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa ana a kumadrasa za miqaat, malire amene wopita ku Haji kapena ku Umra sayenera kudutsa asanavale ihraam ndi kuchita niya. Ndinkadziona ngati katswiri pa mutuwu, kufikira tsiku limene ndinaperekeza bambo anga ku Makka.

Tisananyamuke ndinali nditawerengera zonse pakapepala. Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe kukafika pa bwalo la Bole ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,600, ulendo wa maola ngati 4. Kuchokera pa Bole kukatera pa bwalo la King Abdulaziz ku Jeddah ndi makilomita pafupifupi 1,400, maola 2 ndi theka. Pamodzi ndi makilomita 4,000 m'maola 6 ndi theka, kupatula nthawi yodikira ndege yachiwiri. Ndinakumbukiranso kusuntha wotchi, popeza ku Ethiopia ndi ku Saudi Arabia ali patsogolo pathu ndi ola limodzi.

Bambo, amene akalambira pa bwato ndi khoka, sanafunse za manambalawo. Titangofika pa Bole anatulutsa nsalu zawo ziwiri zoyera nati: “Mwanangu, tiye tikasambe, tivaliretu.”

Ndinayankha mwaulemu, koma mumtima muli kunyada kwa munthu wa mabuku. “Bambo, miqaat yathu ndi Yalamlam, kum'mwera kwa Makka. Ikadali kutali. Tikavalira m'ndege.”

Anandiyang'ana nati: “Iwe ndi mwalimu, sindikutsutsa. Koma khoka timasokera pamtunda. Usipa ukafika, singano ilibe ntchito.”

Ndinawamvera chifukwa ndi bambo anga, osati chifukwa ndinakhutira.

Tili m'mwamba, ndinagona tulo tofa nato. Anandigwedeza ndi bambo, mawu atamveka oti tayandikira malire. Pamenepo ndipo ndinaona chimene kapepala kanga sikanandiuze. Ndege imathamanga makilomita oposa 800 pa ola, kutanthauza oposa 13 pa mphindi imodzi. Malo amene apaulendo akale ankatsikapo pa ngamira, kusamba ndi kuswali modekha, ife tinali kuwadutsa ngati kuphethira kwa diso. Pakhomo la chimbudzi panali mzere wa amuna, nsalu zili m'manja, nkhope zodzaza nkhawa. Wodutsa miqaat wopanda ihraam ayenera kubwerera, apo ayi aphe mbuzi kapena nkhosa ya dipo. Ndalama ya bambo, yosonkhanitsidwa zaka zambiri kuchokera ku nsomba, inalibe malo a chiweto chotero.

Ife tinangochita niya tili pampando, nkuyamba talbiya. Mawu a bambo ankanjenjemera, ndipo dzanja lawo lokhakhala linagwira langa. Sanandikumbutse kuti anandiuza.

Lero ndikafika pa phunziro la miqaat, ndimalembabe manambala aja pa bolodi, chifukwa ndi oona ndipo wapaulendo ayenera kuwadziwa. Kenaka ndimauza ana kuti ndege yafupikitsa njira, koma pamodzi ndi njirayo yafupikitsanso mpata wokonzekera. Abale anga amene mukuyembekeza ulendowu, Allah akalola: nsalu za ihraam musaziike m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege. Zikhale m'manja, ndipo mukafika pa Addis Ababa, valiranitu.