Kabokosi ka pansi pa phazi langa

Gitala yanga yoyamba inali chitini cha mafuta ophikira, kathabwa ka bulugamu ndi mawaya a buleki ya njinga. Ndinkaitchuna ndi khutu, poti panalibe china. Masiku ano ndimaimba lidi gitala yamagetsi mu bandi ya mpingo wathu kufupi ndi Migowi, ndipo Loweruka timaitanidwa ku maukwati, lero ku Chiringa, sabata yamawa ku Mpasa. Pansi pa phazi langa pamakhala kabokosi kachitsulo kamene anzanga amangoti pedulo, ngati ya njinga. Ndi tchuna yoponda. Ndinagulitsa nandolo wa chaka chathunthu kuti ndikhale nayo, ndipo yoyamba sinakhalitse. Achinyamata ambiri amandifunsa kuti agule yotani, ndiye ndati ndilembe zimene yandiphunzitsa.

1. Chimene ndinagulira tchuna ndi chete. Tsiku lina pa ukwati, abusa ali mkati mopempherera banja latsopano, ndinamva kuti nsambo yachitatu yatsika, ndipo nyimbo yotsatira inali yoyamba ndi ine. Ndinayamba kuikoka pang'onopang'ono, koma ampulifaya sadziwa kunong'ona. Kulira kwa nsambo kunadzaza tenti yonse. Gogo wina wa Mvano anatembenuka nkundiyang'ana, osanena kanthu. Mapemphero atatha, mkulu wa mpingo anandiitanira pambali nati, "Achimwene, gitala yanu imapemphera mokweza kuposa abusa." Sanakalipe, koma ndinamva. Tchuna yoponda ukaiponda imadula mawu opita ku ampulifaya, iwe nkumatchuna anthu osamva kalikonse. Ukaipondanso mawu abwerera. Pogula yambani mwayesa chimenechi: pondani, khwatchani nsambo, mvetserani ngati sipika yakhaladi chete, komanso ngati siphulika "phu!" poyatsa ndi pozimitsa.

2. Foni imamva zonse. Tchuna za mu foni ndi zabwino m'nyumba, koma pa bwalo zimamva jenereta, ana, ng'oma ndi woyendetsa mwambo amene akuyesa maikolofoni. Katchuna kakang'ono kopana kumutu kwa gitala kamamva kunjenjemera kwa thabwa, ndiye besi ikagunda pafupi nakonso kamasokonezeka. Pedulo imamva chokhacho chimene chikudutsa mu chingwe chako. Komabe kopanako musakataye. Namondwe wa Freddy atatikantha mu Malichi 2023, anthu ali m'misasa m'masukulu ndi m'matchalitchi, tinkapita kukaimba nawo nyimbo za chitonthozo ndi gitala ya bokosi. Kunalibe magetsi, kunalibe ampulifaya, pedulo inatsala kunyumba. Kopanako ndi kamene kanagwira ntchito masabata amenewo.

3. Ikayeseni padzuwa. M'sitolo ku Limbe nyali za tchuna iliyonse zimawala bwino. Pa bwalo la sukulu mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, zambiri sizioneka nkomwe, ndipo munthu umachita kugwada nkuphimba ndi dzanja. Pemphani wogulitsa mutuluke nayo pakhonde, muiike pansi, muime chilili monga muimira poimba. Boss TU-3 ili ndi kabatani kowonjezera kuwala chifukwa cha vuto lomweli, ngakhale kuti kuwala kukachuluka batire limathanso msanga.

4. Adaputa. Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene panapsera nandolo wanga. Mapedulo ambiri a gitala amadya magetsi a 9V, ndipo kapulagi kake kamakhala ndi negetivi pakati, pozetivi kunja. Ma adaputa ambiri amene tili nawo m'nyumba, a dikoda ndi a zipangizo zina, ndi otembenuza: pozetivi pakati, ndipo nthawi zambiri ndi a 12V. Kamwa yake imafanana, imalowa bwinobwino. Ine batire litatha tsiku la msonkhano wa achinyamata, ndinathamangira pamsika nkugula adaputa imene inakwana pabowo. Nditalumikiza, kanyali kanaphethira kamodzi, kenako fungo la pulasitiki yopsa. Basi, tchuna inathera pomwepo.

Pa adaputa iliyonse pamakhala kachithunzi ka timizere ndi kadontho pakati, kosonyeza ngati pakatipo ndi + kapena −. Pa pedulo paliponso kofanana nako. Ziwirizi zigwirizane, ndipo manambala a mavoti agwirizanenso. Adaputa yotchipa, ngakhale yolondola, imathanso kubweretsa kulira kwa "hmmm" mu sipika, makamaka pa jenereta kapena pa inveta ya sola, zomwe timadalira tikachoka pa msewu wa tala. Ndiye m'thumba la gitala mumakhala batire la 9V losatsegula nthawi zonse. Kumudzi simungalipeze pa okala iliyonse ngati mabatire a tochi. Chinanso chimene ambiri sadziwa: chingwe cha gitala chikangokhala chobaya mu pedulo, batire likudyeka, ngakhale nyali zitazima. Mukamaliza kuimba zulani.

5. Tchuna ikhoza kunena zoona, bandi nkumamvekabe moipa. Mayiko anagwirizana kuti noti ya A ikhale yonjenjemera ka 440 pa sekondi, ndipo tchuna zimabwera zitaikidwa pa 440. Koma nambalayi imasinthika. Pa TU-3 imayenda kuchokera pa 436 kufika pa 445, ndipo kiyibodi nayonso ili ndi pake posinthira. Tinavutikapo mwezi wathunthu: ine nyali yobiriwira ikuti zili bwino, wa besi chimodzimodzi, koma tikalowa pamodzi ndi kiyibodi nyimbo nkumawawasa ngati mango osapsa. Tinkakayikira nsambo, tinkakayikira sipika. Mapeto ake tinapeza kuti wina posewera ndi mabatani anasuntha tchuni ya kiyibodi pang'ono. Chichokereni tsiku limenelo, tisanayambe ndimati kwa mnyamata wa kiyibodi, "Tandipatse A, mng'ono wanga," nkuona ngati akugwirizana ndi pedulo. Ngati kiyibodi ndi yobwereka ndipo sitikudziwa pobwezera, ndimasuntha tchuna yanga kuti itsate kiyibodi. Anthu sabwera kudzaona nyali yobiriwira. Amamva ngati tili pamodzi kapena ayi.

Transipozi ndi nkhani ina. Oimba kiyibodi ambiri m'mipingo yathu anazolowera kiyi imodzi, nyimbo ikakwera amangodina batani. Akakuuzani kuti "tili mu F", funsani ngati ndi F ya zala zake kapena F yotuluka mu sipika.

6. Musalipire kulondola kumene khutu la munthu silingakumve. Kuchokera pa fureti imodzi kufika pa inzake amawerenga masenti 100. TU-3 imalondola mpaka senti imodzi, pamene za Peterson zimafika pa gawo limodzi mwa magawo khumi a senti. Zimenezo nzothandiza kwa wokonza magitala ndi wojambula mu situdiyo. Kwa ife, chala chikangofinya nsambo mwamphamvu noti yakwera kale masenti angapo. PolyTune ya TC Electronic, imene inatuluka mu 2010, imaonetsa nsambo zonse zisanu ndi imodzi ukazikhwatcha pamodzi, ndipo ndimaisirira chifukwa pakati pa nyimbo ziwiri nthawi imachepa. Korg Pitchblack nayonso ndi yabwino. Koma chimene ndimayang'ana kwambiri ndi thupi: likhale lachitsulo, lopirira fumbi, kupondedwa ndi kugwedezeka pa kabaza. Boss TU-2 inatuluka mu 1998, chaka chomwe Phalombe inachoka pansi pa Mulanje nkukhala boma palokha, ndipo zilipo zimene zikugwirabe ntchito mpaka lero. Yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera kwa m'bale wa ku Joni, bola ikhale yeniyeni, imaposa yatsopano yapulasitiki.

7. Ngati chingwe chanu nchachitali, monga zathu zimene zimadutsa guwa lonse kukafika ku ampulifaya, sankhani tchuna yokhala ndi bafa. Chingwe chachitali chimadya kuthwa kwa mawu, gitala nkumamveka ngati yafunditsidwa bulangeti, ndipo bafa imateteza zimenezo. Zimene amalemba kuti true bypass zimangodutsitsa mawu osawakhudza. Tchuna ikhale yoyamba kulandira chingwe chochokera ku gitala, mapedulo ena onse pambuyo pake.

8. Nthawi zina wolakwa si tchuna, ndi gitala. Lidi ya kwathu kuno, kaya ndi rumba, kaya ndi sungura ija tinatengera kwa a Leonard Dembo, imaimbidwa kumunsi kwa khosi, pafupi ndi thupi la gitala. Mukhoza kutchuna nsambo zonse bwinobwino zili zosagwira, koma mukafika kumeneko noti nkumaphonya. Yesani motere: khwatchani nsambo yosagwira, kenako igwireni pa fureti ya 12. Tchuna ionetse noti yomweyo, nyali ili pakati. Ngati pa 12 yakwera, kachitsulo kamene nsambo imatsamira pa buliji kabwerere m'mbuyo kuti nsambo italike. Ngati yatsika, kasunthire kutsogolo. Ndi ntchito ya sikuludiraiva yaing'ono ndi kudekha kwa madzulo amodzi, koma gitala yanga inasanduka ina tsiku limene ndinachita zimenezi.

Nsambo zadzimbiri ndiye musavutike nazo. Nyengo ya dzinja chinyezi ndi thukuta zimazidya, ndipo nyali ya tchuna imangoyendayenda osakhazikika. Kuzipukuta ndi kansalu kouma mukamaliza kuimba kumatalikitsa moyo wake. Zatsopano nazo zimatamuka, ndiye zikokeni pang'ono ndi chala, mutchunenso, kangapo, dzulo lake la mwambo osati m'mawa wake. Ndipo pomanga nsambo muzichokera pansi kukwera. Mukapitirira, masulani itsike, muyambirenso kukwera. Yofikira noti potsika imaterereka nyimbo ili mkati.

9. Khutu la akuluakulu silinama, ndipo makina nawonso sanama. Izi zinanditengera zaka kuti ndizimvetse. Kuli bambo wina wachikulire amene anaphunzitsa kwaya yathu kuyambira ndili mwana. Ndikatchuna ndi pedulo nkukhwatcha kodi ya G, ankapukusa mutu: "Mwanawe, yachiwiriyo yakwera." Ine nkumuonetsa nyali yobiriwira. Tonse tinali kunena zoona. Mafureti a gitala ndi mabatani a kiyibodi anagawidwa mofanana kuti kiyi iliyonse iimbike, ndipo pogawa choncho mtunda wochokera pa G kufika pa B unatalika ndi masenti pafupifupi 14 kuposa umene mawu a anthu amaufuna okha. Kwaya yopanda zoimbira imatsitsa B uja mosadziwa, nchifukwa chake imakoma chotero pa maliro usiku. Bamboyo ankamva zimenezo. Nditamumvera nkutsitsa nsambo yachiwiri, ya B ija, G inakoma ngati uchi, koma D ndi E zinayamba kuwawa, ndipo ndinasiyana ndi kiyibodi. Tsopano pakakhala kiyibodi ndimatsata pedulo. Tikakhala ine ndi kwaya yokha, nyimbo ili mu G, ndimatsitsa nsambo yachiwiriyo pang'ono monga bamboyo amafunira.

Apa ndi pamene ndimaumirira kuti tchuna ikhale ya chromatic, yodziwa manoti onse 12, osati E, A, D, G, B, E yokha. Makolo athu a gitala sankamangika ndi matchunidwe amodzi. A Daniel Kachamba a ku Chileka, amene Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana nawo mu 1967 nkuyamba kujambula nyimbo zawo, ankasintha matchunidwe malinga ndi nyimbo. Kunalinso kaimbidwe ka hauyani, dzina lochokera ku Hawaii, koyendetsa botolo pa nsambo zotchunidwa kuti zosagwira zipange kodi. Woimba bangwe amamanga nsambo zake molingana ndi mmero wake. Tchuna yongodziwa manoti asanu ndi imodzi imakuuza kuti zonsezi nzolakwa. Ya chromatic imangokuuza pamene uli, ulendo nkukhala wako.

10. Gitala imamva nyengo. Ikachoka m'nyumba yozizira nkukwera kabaza padzuwa, nsambo zachitsulo zimatentha nkutsika. Mu Juni, mphepo yozizira ikamatsika ku Michesi m'mawa, ndimatchuna zili zozizira, koma zala zikazitenthetsa pa nyimbo ziwiri zoyamba zasuntha kale. Ndiye tikafika pamalo ndimatulutsa gitala m'thumba, kuiimika pamthunzi, nkuyamba ndathandiza anzanga kunyamula masipika. Ndimatchuna pomaliza, kenako ndimapondanso pedulo pakatha nyimbo ziwiri kapena zitatu zilizonse.

Loweruka lapitali ku Chiringa, woyendetsa mwambo akuitana akuchikazi kuti akonzekere perekaniperekani, ndinaponda kabokosi kaja. Yachitatu inali itatsika, monga mwa chizolowezi chake. Ndinaikweza, nyali nkukhazikika pakati. Wa besi anandikodola, ndinamupatsira chingwe naye aone zake. Wa ng'oma anagunda timitengo kanayi, ndipo tinalowa.