Za "stem cell" zimene mukundifunsa ku inbox

Post iyi ndi yayitali koma werengani mpaka pansi. Ambiri mwakhala mukundifunsa za timapaketi ta ufa timene anthu akugulitsa pa WhatsApp, ena mpaka pakhomo la tchalitchi, amvekere ndi stem cell, imachiza shuga, BP, khansa, sitiroko ngakhale kusabereka.

Ma stem cell alipodi, ndipo inu muli nawo panopa. M'mafuta a m'mafupa, ngati aja mumatsopa mukamadya nyama ya ng'ombe, muli maselo amene ntchito yake ndi kubala maselo a magazi. Sekondi iliyonse thupi lanu limapanga maselo ofiira oposa 2 miliyoni. Inu muli mtulo, fakitale ya Mulungu ikuyenda. Aleluya!

Selo lofiira labwino limakhala masiku pafupifupi 120. La mwana wa sickle cell limapindika ngati zenga, limatseka timitsempha, ndipo limafa pakangotha masiku 10 mpaka 20. N'chifukwa chake amalira ndi ululu usiku wonse, magazi osachedwa kuchepa.

Madokotala amatha kusintha maselo obala magaziwo, ndipo mwana amachira. Dr. E. Donnall Thomas wa ku America, amene anatsogolera ntchitoyi kuyambira m'ma 1950, analandira mphoto ya Nobel mu 1990. Koma mundimvetse, si masewera ayi. Amayamba apha mafuta a m'mafupa a wodwala ndi mankhwala amphamvu, kenako amamulowetsa maselo a munthu wina kudzera mu dripu. Amakhala milungu ingapo m'chipinda chayekha, chifukwa kachimfine chabe kakhoza kumutenga. Woperekayo ayenera kugwirizana naye thupi, ndipo ngakhale m'bale wa bere limodzi, mwayi wogwirizana ndi umodzi pa inayi. Ena amamwalira m'kati mwa chithandizocho. Anzathu a ku Tanzania anayamba kuthandiza ana a sickle cell motere pa chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma mu 2023. Chaka chomwecho Britain inavomereza Casgevy, njira yokonza maselo a wodwala mwiniwake n'kumubwezera. Ku America mtengo wake ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi.

Ndiye tandiuzani abale anga, zonsezi zingalowe mu kapaketi kothira pansi pa lilime? Ufawo amati ndi wa maapozi ndi mphesa. Selo la chipatso silingabale magazi a munthu, ndipo mukameza, mimba imaligaya ngati mmene imagayira nsima.

Mayi wina wa mumpingo mwathu, dzina sinditchula, anagulitsa makina ake osokera kuti agule mabokosi atatu. Wogulitsayo anamuuza kuti asiye kupita ndi mwana ku kiliniki. Patangopita milungu yochepa ndinaimbiridwa foni pakati pa usiku. Ndinapeza mwana ali gone mu wodi, zikhatho zili mbee! Tinapemphera, anamwino anamuika magazi, achinyamata athu awiri anapita kukapereka magazi m'mawa mwake. Lero mwanayo akuimba ku Sunday school. Yehova alemekezeke! Koma makina aja sanabwerere, mayiyo akuchapira anthu zovala.

Ine ndimakhulupirira machiritso ndipo ndidzapitiriza kukusanjikani manja. Koma amene muli pa ma ARV, insulin, mankhwala a BP kapena hydroxyurea, musasiye chifukwa cha kapaketi. Ndipo inu ogulitsa, ndikudziwa ena ndinu ana anga omwe, munalowa pofuna ya sopo. Ndimakukondani, koma pa guwa lathu mayikolofoni yotsatsira malondawa simudzapatsidwa. Ma usher ndawauza kale, Lamlungu lino timapepala tanu tisapezeke pa mipando.